Ma voice note a mbiri a aphunzitsi a ku Chilenje aja, ndemanga yanga pa ya 21 Juni ku Mississippi

Anthu ambiri mwakhala mukundifunsa ku inbox za gulu la pa WhatsApp lija la mbiri, ena mukuti kodi ndi la ndalama zingati, ena mukuti kodi sizija zongokopera pa intaneti n'kumatiwerengera, ndiye ndati bola ndilembe pano kamodzi aliyense awerenge yekha. Amene amayendetsa ndi bambo wachikulire, anali mphunzitsi wa history ku sekondale, anapuma pantchito, amakhala cha ku Chilenje koma kwawo ndi ku Katete ndipo Chinyanja chawo ndi cha kumudzi chenicheni, chosasakaniza kwambiri ngati chathu cha mtauni muno. Umalipira K40 pamwezi pa mobile money, akulowetsa mgulu, ndiye m'mawa uliwonse voice note imafika. Kachitidwe kawo ndi aka: amasankha dera limodzi n'kukhala nalo mwezi wathunthu, tsiku lililonse amafotokoza zimene zinachitika kuderako pa deti lomwelo m'zaka zosiyanasiyana. Mwezi wa Juni anasankha Mississippi, state ya kummwera kwa America.

Ndinene kale maganizo anga kuti amene muli pa changu musavutike: K40 imeneyi sipita pachabe. Pali zondidandaulitsa ndithu, ndizinena, koma voice note ya pa 21 Juni yokha inakwana kulipira mwezi wonse.

Anayamba ndi nyengo, zimene ndinaona kuti ndi nzeru za mphunzitsi weniweni. Ife kuno Juni timavala majuzi, m'mawa pa siteshoni manja ali m'thumba, koma ku Mississippi ndi pakati pa chilimwe chao, kutentha kwa chinyezi koti malaya amamatirira kumsana. Kenako anatiika mu 1964. Anati chaka chimenecho, mwa anthu akuda a ku Mississippi amene anali a msinkhu wovota, olembetsedwa m'kaundula anali osafika 7 pa 100 aliyonse. Osati chifukwa chosafuna ayi. Ukapita kukalembetsa amakupatsa ndime ya malamulo a state kuti uwerenge n'kumasulira, ndipo wokhoza kapena wolephera amasankha ndi kalaliki wachizungu yemweyo, panalinso msonkho wa mavoti, komanso dzina lako amalisindikiza m'nyuzipepala kuti abwana ako ndi mwini munda umene ukulima adziwe kuti wayamba zandale. Mawa lake ntchito yatha, kapena usiku anthu abwera. Ndiye mabungwe omenyera ufulu anakonza zoti m'chilimwe cha 1964 abweretse achinyamata mazanamazana, ambiri ophunzira a m'makoleji a kumpoto, ambirinso azungu, kudzathandiza kulembetsa anthu ndi kutsegula timasukulu m'matchalitchi. Ntchitoyi inkatchedwa Freedom Summer.

Apa mpamene anatchula anyamata atatu a ntchitoyi amene anaphedwa pa 21 Juni 1964. James Chaney, wakuda, wa zaka 21, mwana wa konko ku Meridian, amene ankadziwa timisewu tonse ta kumidzi. Michael Schwerner, wa zaka 24, wochokera ku New York, anali atakhala ku Meridian kuyambira kumayambiriro kwa chaka ndi mkazi wake Rita, akugwira ntchito ya bungwe lomenyera ufulu la CORE, ndipo a Ku Klux Klan, gulu la azungu lozunza ndi kupha anthu akuda, anali atamuika kale pa mndandanda wa anthu oti aphedwe. Ndi Andrew Goodman, wa zaka 20, wa ku New York yemwenso, amene anali atangofika ku Mississippi pa 20 Juni. Tsiku limodzi lokha. Aphunzitsi anaima kaye pamenepa osalankhula, ndipo ine ndimakonda kuti sathamangira kudzaza mpata uliwonse ndi mawu, amakusiya uganize wekha.

Pa 16 Juni a Klan anali atamenya anthu a tchalitchi cha Mount Zion Methodist ku Longdale, mu Neshoba County, n'kuotcha tchalitchicho, chifukwa mpingowo unavomera kuti pakhale sukulu ya Freedom Summer. Lamlungu pa 21 Juni atatuwa anakwera galimoto yao ya Ford kupita kukaona phulusa ndi kucheza ndi omenyedwawo. Pobwerera masana anaimitsidwa ndi Cecil Price, wachiwiri kwa sheriff, mkulu wa apolisi wa deralo, ati Chaney amathamangitsa galimoto, enawo ati akuwaganizira za kuotchedwa kwa tchalitchi chomwecho, tangoganizani. Anawatsekera mu jele ya m'tauni ya Philadelphia, ndipo aphunzitsi anachenjeza kuti tisasokoneze ndi Philadelphia wamkulu wa ku Pennsylvania uja, aka ndi katauni kakang'ono ka ku Mississippi. Anawasunga mpaka usiku, nthawi imene m'busa wina wa Baptist amenenso anali ndi makina ocheka matabwa, Edgar Ray Killen, ankasonkhanitsa anthu. Cha m'ma 10:30 usiku anawatulutsa atalipira faindi ya madola 20, anyamatawo analowa msewu wa Highway 19 wopita ku Meridian, Price yemweyo anawathamangira ndi galimoto ya polisi, kumbuyo kuli magalimoto a Klan, anawatengera ku kamsewu kafumbi kotchedwa Rock Cut Road n'kuwaombera onse atatu. Mitembo anakaikwirira m'chipupa cha dothi cha damu imene inkamangidwa pa famu ina, ndi buludoza.

Chimene ndinayamikira ndi chakuti sanakometsere. Enafe tinazolowera ma video a pa Facebook amene amaika nyimbo yachisoni kumbuyo ndi mawu onjenjemera kuti ulire mokakamiza, achikulirewa ayi, amangonena zinthu mmene zinachitikira, maola ake, mtunda wake, ndani anali pati, ndipo zimenezo n'zimene zimakulasa kwambiri. Ine ndinamvera ndili m'minibasi yopita ku town ndi ma headset, tikudutsa pa Kabwata, ndipo ndinabwereza gawo la jele lija chifukwa mtima unakana kuvomereza kuti wapolisi amene wakutsekera ndi yemweyo akukupereka kwa okupha.

Galimoto yao inapezeka itapsa pa 23 Juni kufupi ndi dambo la Bogue Chitto. A FBI, apolisi ofufuza a boma lalikulu la America, anabwera, asilikali a pamadzi a ku Meridian analowa m'madambo kusaka, akuluakulu ena a state ankanena poyera kuti anyamatawo angobisala kuti apeze mbiri. Mitembo inapezeka pa 4 Ogasiti, patapita masiku 44, munthu wina atawatsina khutu a FBI. Pakati pa masiku amenewo, pa 2 Julayi, Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo loletsa tsankho la mitundu la Civil Rights Act.

Apa ndiye pali dandaulo langa loyamba lenileni. Pa nthawi yosakayo anapeza mitembo ya anthu ena akuda amene palibe nyuzipepala yaikulu inkawafunafuna, mwa iwo Henry Dee ndi Charles Moore, anyamata a zaka 19 amene a Klan anawapha mu Meyi chaka chomwecho n'kuwaponya m'madzi. Aphunzitsi anangodutsapo ndi chiganizo chimodzi, ati panapezekanso ena, basi. Ine ndikuona kuti apa mpamene panafunika kukhalitsa, chifukwa ngakhale Rita Schwerner ananena nthawi yomweyo, mwamuna wake asanapezeke n'komwe, kuti dziko lagwedezeka chifukwa awiri mwa osowawo ndi azungu, akanakhala Chaney yekha nkhaniyo sikanamveka. Mayi wina mgulumo anafunsa zomwezi madzulo ake ndipo aphunzitsi anayankha bwino ndithu, anatchula maina, koma yankho la m'macheza limakwiririka ndi mauthenga ena, amene anamvera voice note yokha sanazimve. Chinanso chimene ndikanakonda akanachiika ndi cha maliro, kuti a kwa Schwerner anafuna mwana wao aikidwe pafupi ndi Chaney koma sizinatheke chifukwa ngakhale manda anali osankhana mtundu.

Manje ubwino wa kachitidwe kao ka deti limodzi unaonekera atachoka mu 1964. Sanapite ku nkhani ina, anakhala pa 21 Juni pomwepo n'kungosuntha chaka. Mu 1966, pa tsiku lomweli, Martin Luther King anafika ku Philadelphia komweko. Inali nthawi ya ulendo wa pansi wochokera ku Memphis kupita ku Jackson umene anauyamba womenyera ufulu wakuda James Meredith, amene anaomberedwa n'kuvulala pa 6 Juni, atsogoleri ena n'kuupitiriza. King anapatuka ndi kagulu kukakumbukira anyamata atatu aja patatha zaka ziwiri, anayenda mpaka ku khoti la m'tauniyo, azungu atazungulira akuwagenda ndi mabotolo ndi kuwaponyera makombola, ndipo amene anaima kutsogolo kwake atavala yunifomu anali Cecil Price yemwe uja, akadali pantchito. Ndinali ndisanamvepo zimenezi chibadwire. Timamudziwa King wa ku Washington ndi wa ku Selma, koma King ataima maso ndi maso ndi munthu amene dziko lonse linkadziwa zimene anachita, ayi.

Za mlandu wa 1967 anafotokoza mwachidule chifukwa sunagwe pa deti lao, koma zofunika anazinena. State ya Mississippi sinazenge aliyense mlandu wakupha. Linali boma lalikulu la ku Washington limene linawatengera kukhoti, pa mlandu wopangana kuphwanya ufulu wa anyamatawo, ndipo mu Okutobala 1967 anthu 7 anapezeka olakwa, kuphatikizapo Price ndi Sam Bowers mtsogoleri wa Klan ya kumeneko. Zilango zinali zaka 3 mpaka 10 ndipo palibe anakhala m'ndende kupitirira zaka 6. Sheriff mwiniwake, Lawrence Rainey, anamasulidwa. Pa Killen a jury, anthu wamba osankhidwa kugamula mlandu, anagawanika, 11 akuti wolakwa, mayi mmodzi akukana ati sangamange m'busa, ndiye anabwerera kwao kukapitiriza kulalikira ndi kucheka matabwa.

Kenako 21 Juni 1989, patatha zaka 25. Dick Molpus, amene anali Secretary of State wa Mississippi, mmodzi mwa akuluakulu a boma la state, komanso mwana wobadwira ku Philadelphia komweko, anaima pa mwambo wa chikumbutso n'kupepesa kwa mabanja a anyamatawo. Aphunzitsi anati tisachione chopepuka, munthu wandale wachizungu kupepesa poyera kwao kwenikweni, pamaso pa anthu amene anakula nao, ena mwa iwo achibale a okupha aja. Mu 1995 Molpus anapikisana nao pa ugavanala ndipo sanapambane.

Ndiye pomaliza 21 Juni 2005. Zaka 41 ndendende. Mtolankhani wa nyuzipepala ya Clarion-Ledger ya ku Jackson, Jerry Mitchell, anakhala zaka akufukula mafailo akale, anthu a ku Philadelphia komweko akuda ndi azungu anapanga gulu lopempha kuti mlandu utsegulidwenso, ndipo state inamugwira Killen mu Januwale chaka chimenecho. Anabwera kukhoti ali ndi zaka 80, pa njinga ya olumala chifukwa mtengo unamugwera n'kuthyola miyendo. Mayi ake a Chaney ndi mayi ake a Goodman, onse okalamba, anaperekera umboni, Rita nayenso. A jury, azungu 9 ndi akuda 3, anamupeza wolakwa pa imfa zonse zitatu, koma pa mlandu wocheperako wa manslaughter, osati wakupha mochita kukonza. Patapita masiku awiri woweruza Marcus Gordon anamupatsa zaka 60, imfa iliyonse zaka 20, ndipo anafera m'ndende ya Parchman mu Januwale 2018 ali ndi zaka 92.

Aphunzitsi anatseka gawo limeneli ndi mwambi woti mlandu suola. Apa ine ndinasiyana nao pang'ono, ndipo ndinawalembera mwaulemu kuti bambo, mlandu suola inde koma mboni zimafa. Price anamwalira mu 2001 asanayankhepo mlandu wakupha. Anthu amene anali pa Rock Cut Road usiku umenewo anali ambiri, koma state inamanga mmodzi yekha, nkhalamba, itadya kale moyo wake wonse pakhomo pake ndi adzukulu, pamene Goodman sanafike ngakhale zaka 21. Mu 2016 ofesi ya Attorney General, loya wamkulu wa boma la Mississippi, inalengeza kuti failo yatsekedwa chifukwa palibenso woti n'kumuzenga. Ine sindingatche zimenezo chilungamo chokwana. Anandiyankha okha, sanakwiye, anati mwanangu wanena zoona ndipo mawa lake anayamba voice note ndi mfundo imeneyo osatchula dzina langa. Izi ndaziika dala mu ndemanga ino chifukwa ndi mbali ya zimene ukulipira: munthu amene amayankha, ndipo ukatsutsa samakuona ngati mwana wamwano.

Za kuyerekeza ndi kwathu kuno amachita mosamala, ndipo pa tsikuli zinagwira. Anatikumbutsa kuti mu Januwale 1964 anthu akuda a Northern Rhodesia anali atavota kale mwaunyinji, Kenneth Kaunda n'kukhala nduna yaikulu, ndipo pa 24 Okutobala mbendera yathu inakwera. Ndiye kuti pamene makolo athu ankakonzekera ufulu muno mu Lusaka, munthu wakuda ku Mississippi, m'dziko limene linkadzitcha mtsogoleri wa maiko a ufulu, ankaphedwa chifukwa chofuna kulembetsa dzina m'kaundula wa mavoti. Anakumbutsanso za mabutchala a muno m'tauni mmene agogo athu ankagulira nyama pa kawindo ka kumbali osaloledwa kulowa pakhomo, ndi kuti Kaunda anakumana ndi King ku America mu 1960. Sanapitirire apo, sanayambe kulowetsa ndale za lero, ndipo ndikuwathokoza chifukwa magulu ambiri a pa WhatsApp amafera pomwepo, mumayamba mbiri mumathera kutukwanizana za zipani. Mgulu muno admin ndi mdzukulu wao ndipo amachotsa msanga zotere, ma forward a maunyolo a mapemphero ndi malonda a nsapato salola.

Tsopano zovuta zina, zimene si za mbiri koma za kapangidwe. Mawu sakhala bwino masiku onse. Zikuoneka kuti amajambulira pakhonde, ndiye tambala, galu, mwana wa aneba, wogulitsa makala akudutsa, zonse zimalowa, ndipo m'minibasi kondakitala akamakuwa umataya mawu ena. Pa voice ya 21 Juni panali pena mphepo inkaomba pa maiki kwa mphindi yathunthu, pomwe amafotokoza za King pomwepo. Kachipangizo ka maiki kotchipa ka ku Kamwala kangathetse zimenezi, kapena kungolowa m'chipinda n'kutseka chitseko. Chachiwiri ndi kutalika. Masiku ambiri ndi mphindi 10 kapena 12, zabwinobwino, koma iyi inapitirira theka la ola mu failo imodzi, ndiye ngati bundle yako ndi ya tsiku kapena netiweki ikuvuta chifukwa magetsi apita, imakana kutsitsa mpaka masana. Akanaidula zidutswa zitatu, 1964 payokha, 1966 ndi 1989 pamodzi, 2005 payokha, bwenzi zili bwino, komanso munthu ukafuna kubwereza gawo limodzi sukanavutika kukoka kamzere kaja ndi chala.

Chachitatu ndi chimene ndikupempha kwambiri. Maina salemba. Umamva dzina ngati Schwerner kapena Bogue Chitto kapena Neshoba m'khutu mokha, ukafuna kukafufuza wekha sudziwa ulemba bwanji, ine maina amene ndalemba pamwambawa ndinachita kuwafunsa mmodzimmodzi kwa mdzukulu wao uja. Kameseji kakafupi pansi pa voice note kokhala ndi maina, malo ndi zaka kangathandize kwambiri, makamaka ana a sukulu amene makolo awalowetsa mgulumo kuti azimvera. Ndipo poti ndatchula ana, makolo dziwani kuti masiku ena ngati limeneli nkhani zake ndi zolemera, muli kuombera ndi kukwirira anthu, mwana wa ku primary bola mumvere kaye nokha musanamupatse foni. Wa Grade 10 kupita mtsogolo ayi amvere, ndipo mukhale naye pansi mukambirane, wanga wamkulu anandifunsa mafunso amene sindinayembekeze, makamaka loti n'chifukwa chiani anthu a m'tauni imeneyo anakhala chete zaka zonsezo pamene ankadziwana onse.

Pa nkhani ya kulipira palibe vuto limene ndaona, ukatumiza ndalama umatumiza screenshot kwa admin ndipo tsiku lomwelo walowa, ukachedwa kulipira mwezi wotsatira amakukumbutsa kaye mwaulemu asanakuchotse. Chimene palibe ndi malo osungira ma voice akale, ndiye wolowa lero sapeza za Juni pokhapokha apemphe, ndipo amatumiza imodziimodzi pamanja. Amene mukufuna kulowa pemphani ya 21 Juni, ndi ya 12 Juni ya Medgar Evers, mtsogoleri womenyera ufulu wa anthu akuda amene anaomberedwa pakhomo pake ku Jackson mu 1963, mumvere motsatizana chifukwa mlandu wake nawonso unadikira mpaka 1994 kuti wakupha apezeke wolakwa. Alengeza kuti Ogasiti adzakhala ku Louisiana, ndipo ndawapempha kale kuti ya pa 29, tsiku limene mphepo yamkuntho ya Katrina inagunda mu 2005 ndi ya Ida mu 2021, adzaidule zidutswa ndi kulemba maina pansi.